Tsitsi lanu likukula ndithu, koma likudukira kunsonga: malangizo osamalira tsitsi lalitali

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse: "Kodi mumadzola chiyani kuti tsitsi litalike chonchi?" Ena amafunsa atagwira kale nsonga za tsitsi langa, ena amanditumizira chithunzi cha botolo la mafuta kuti ndiwauze ngati ali abwino. Ndayankha kambirimbiri, ndipo ndimaona nkhope ya wofunsayo ikugwa ndikanena kuti yankho lake silili m'botolo. Choncho ndaganiza zongolemba kamodzi, mwadongosolo, kuti aliyense awerenge pa nthawi yake.

Kwa munthu wathanzi, tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ena kuposerapo pang'ono, kutanthauza masentimita 12 mpaka 15 pachaka. Limakulira kumuzu, mkati mwa khungu, kaya mwadzola kanthu kaya ayi. Amene anaikapo utoto kapena mankhwala owongola tsitsi amadziwa zimenezi: pakatha miyezi iwiri, kumizu kumakhala kwamera latsopano la maonekedwe ake achibadwa. Ndiye mukamati "langa silikula, lakhala pomwepa zaka zitatu", chimene chikuchitika n'chakuti sentimita imene yamera kumuzu mwezi uno yadukanso kunsonga mwezi womwewu.

Dziwaninso kuti tsitsi likangotuluka pakhungu lilibenso moyo. Mulibe magazi, mulibe mitsempha. N'chifukwa chake kumeta sikupweteka, ndipo n'chifukwa chakenso likawonongeka silipola ngati bala. Linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo kunja kwake kuli timamba tosanjikizana ngati mamba a nsomba, toloza kunsonga. Timamba timeneti tikagona bwino, tsitsi limasalala, limawala, ndipo silikolana wamba. Tikatukuka kapena kusupuka, mkati mumatsala poyera, tsitsi limauma n'kuyamba kuthyoka. Tsitsi lofika m'mapewa ndi lotalika masentimita pafupifupi 30, ndiye kuti nsonga zakezo zakhala pamutu panu zaka ziwiri kapena kuposa, zikupesedwa, kutsukidwa, kukhulika pa zovala ndi kuwombedwa ndi dzuwa. Ntchito yanu yagona pa kuteteza nsonga zokalambazi.

1. Yambani mwaona chimene chikugwa

Musanagule chilichonse, tengani tsitsi lotsalira pa chipeso, muliyale pa pepala loyera pamalo powala, ndipo muyang'ane limodzilimodzi. Likakhala lalitali, ndipo kumapeto kwina kuli kamutu koyera kangati kambewu, limenelo lathothoka lokha kuchokera kumuzu. Limeneli lisakudetseni nkhawa. Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo patsiku pamathothoka 50 mpaka 100. Tsitsi lililonse limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, limapuma kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako limagwa kuti pamalopo pamere lina.

Koma mukaona tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu koyera, timene timagweranso paphewa ndi pa sinki mukamapesa, limenelo laduka. Yang'anani bwino: nthawi zina pakati pa tsitsi pamaoneka kadontho koyera. Pamenepo timamba tatha, ndipo mukangokoka pang'ono limadukira pomwepo. Malangizo ambiri ali m'munsiwa ndi othana ndi kuduka kumeneku.

Apa ndinene chinthu chimene ambiri safuna kumva. Zaka zimene tsitsi limakula lisanagwe n'zachibadwa, ndipo n'zimene zimaika malire a kutalika kwake. Si aliyense amene lake lidzafike m'chiuno, ngakhale atalisamala chotani. Komabe anthu ochuluka sanafikepo n'komwe pa malire awowo, chifukwa limaduka lisanafike. Ngati lanu ndi lopotana kwambiri, musaliweruze ndi maso okha. Limakhwinyata likauma, moti lingaoneke lalifupi ndi theka kapena kuposa. Tengani kachigawo kamodzi kunkhongo, kakokeni pang'ono kawongoke, kayezeni ndi tepi, ndipo mulembe tsiku. Mudzayezenso pomwepo pakatha miyezi itatu.

2. Dulani nsonga zogawanika

Nsonga ikagawanika pawiri, palibe mafuta kapena mankhwala amene angailumikizenso. Zodzola zina zimaimata kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma mukatsuka imabwerera. Mukaisiya, mng'aluwo umakwera m'mwamba monga imachitira nsalu yoyamba kung'ambika m'mphepete, komanso nsonga zoterozo zimakola tsitsi labwino loyandikana nalo.

Gwiritsani ntchito sizasi yakuthwa imene simudulira china chilichonse. Yobuntha imatafuna nsonga, ndiye mwadula koma mwasiya poyambira kugawanika kwina. Dulani pafupifupi theka la sentimita pamwamba pa pomwe pagawanikapo. Kudula sikufulumizitsa kukula, muzu sudziwa n'komwe zimene zachitika kunsonga, choncho musamadule chifukwa choti mwezi wakwana. Amene amadula masentimita awiri miyezi iwiri iliyonse amakhala akutaya zonse zimene zamera. Muziyang'ana nsonga zanu miyezi itatu kapena inayi iliyonse, n'kudula zokhazo zimene zawonongeka.

3. Kumasula mfundo

Apa ndiye pagona nkhani. Malangizo ambiri amangoti "pesani mosamala" n'kudumphira pa mafuta, pamene tsitsi lochuluka limathera pomwepa, m'manja mwa mwini wake. Walira mvula walira matope: tsitsi likamatalika, nthawi yolimasula imatalikanso. Musayambe ntchito imeneyi mutatopa, mutakwiya, kapena kutatsala mphindi khumi kuti munyamuke. Ngati nthawi palibe, limangeni momasuka, mudzachite mawa.

Choyamba dziwani mtundu wa tsitsi lanu, chifukwa pali kusiyana. Tsitsi lililonse likanyowa limafufuma, limatamuka kwambiri, ndipo limafooka. Lowongoka mwachibadwa ndi bwino kulipesa louma musanatsuke, kapena litayamba kuuma. Koma lopotana, makamaka lopotana kwambiri, mukalipesa louma gwaa limathyoka m'makona ake onse. Limeneli limafuna kulinyowetsa pang'ono ndi kulipaka kondishona wambiri. Kondishona ndi zodzola zoterera zija timapaka tikamaliza shampu. Ntchito yake n'kugoneka timamba tija kuti tsitsi liziterera pa linzake m'malo mokolana.

Gawani mutu m'zigawo zinayi, zisanu ndi chimodzi, kapena zisanu ndi zitatu ngati tsitsi ndi lochuluka. Chigawo chilichonse chimangeni pachokha, mutsale ndi chimodzi. Chipakeni kondishona mpaka chiterere m'manja, dikirani mphindi zingapo, kenako yambani ndi zala, osati chipeso. Chala chimamva mfundo n'kuima, pamene chipeso chimangodutsa n'kudula. Mukafika pa mfundo, musaikokere m'munsi, chifukwa mukuimangitsa. Igwireni ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo muzisolola tsitsi pang'onopang'ono kuchokera m'mbali mwa mfundoyo, ngati mukumasula ulusi wopiringizana. Kawirikawiri pakatikati mumapeza tsitsi limodzi kapena awiri othothoka kale, amene anakola anzawo. Mukawachotsa, mfundo yonse imamasuka yokha.

Zala zikamadutsa bwino, tengani chipeso cha mano akuluakulu otalikirana. Musanachigwiritse ntchito, yendetsani chala m'mano mwake: ngati muli kamzere kokhakhala kapena dzino losweka, chimenecho chikupala tsitsi lanu tsiku lililonse, chisiyeni. Gwirani chigawo chija mwamphamvu pakati kuti kukoka kusafike kumizu, ndipo yambani kupesa masentimita atatu okha a kunsonga. Pakasalala, kwerani pang'ono, n'kupesanso mpaka pansi. Muzikwera choncho mpaka kumizu. Amene amayambira kumizu amakankhira mfundo zing'onozing'ono zonse pamalo amodzi, n'kupanga imodzi yaikulu imene imatha ndi kudula basi. Tcherani khutu mukamapesa. Mukamva kuti thethethe, tsitsi likuduka, imani, wonjezerani kondishona, bwererani ku zala. Chigawo chikatha, chipoteni kapena chilukeni momasuka musanapite pa china, apo ayi chikolananso muli pomwepo.

Pali timfundo tina ting'onoting'ono timene tsitsi limodzi limadzimanga lokha, makamaka lopotana. Timamveka ngati kamchenga mukaliyendetsa pakati pa zala. Timeneti sitimasulika. Tiduleni ndi sizasi pamwamba pake, musatithyole ndi zikhadabo.

Tsopano tsiku loopsa kuposa onse, lomwe ndi tsiku lomasula tsitsi lolukidwa. Tawerengetsani nokha. Ngati lakhala lolukidwa masabata asanu ndi limodzi, amenewo ndi masiku 42, ndipo tsiku lililonse pamathothoka tsitsi 50 mpaka 100 limene linalibe kogwera. Ndiye kuti m'mutu mwanu muli tsitsi lothothoka kale pakati pa 2,100 ndi 4,200, lokodwa pakati pa lamoyo. Pamuzu pa chingwe chilichonse pamakhalanso kamphete kotuwa ka litsiro, thukuta ndi mafuta akale. Mukathira madzi zimenezi zisanachoke, zonse zimagwirana.

Ineyo ndinaziphunzira mowawa. Ndinamasula tsitsi limene linakhala lolukidwa pafupifupi miyezi itatu. M'mutu munkayabwa, ndipo mtima unali pa kumva madzi pakhungu. Ndinathira madzi, ndinapaka shampu, n'kuyamba kutikita mutu wonse. Pasanathe mphindi zisanu, kunkhongo kunali chibuma cholimba ngati chisa cha mbalame, chala osalowa. Ndinakhala nacho maola anayi usiku umenewo. Gawo lina linapulumuka, koma lina ndinadula, ndipo ndinaona tsitsi limene ndinalisunga zaka ziwiri lili pansi.

Choncho pomasula, chitani chingwe chimodzi pa nthawi. Ngati munalukira ndi tsitsi loonjezera, onetsetsani pomwe lanu lathera musanadule la kunsongalo, ndipo dulirani m'munsi ndithu. Mukamasula chingwe, dontheretsani mafuta kapena kondishona pa kamphete ka litsiro kaja, kafikiseni ndi zala mpaka kaphwanyike, kenako sololani tsitsi lothothokalo mpaka kunsonga. Mudzaona mulu wa tsitsi m'manja mwanu, musachite mantha, ndi lija linagwa kale. Pesani chigawocho monga ndafotokozera, chilukeni momasuka, ndipo madzi abwere pokhapokha mutu wonse watha.

Ngati mwawerenga izi mochedwa, tsitsi lagwirana kale, musathamangire sizasi. Lekani kutikita. Tsukuluzani shampu yense, finyani madzi, pakani kondishona wochuluka ndi mafuta pa chibumacho, valani kapu ya pulasitiki kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Kenako yambirani kunsi kwa chibumacho ndi zala kapena kumchira kwa chipeso, kutola tsitsi pang'ono pang'ono. Zingatenge madzulo awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lambiri limapulumuka.

4. Kutsuka

Shampu ndi wa khungu la m'mutu, osati wa nsonga. Pakani kumizu, tikitani ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, ndipo thovu lotsetsereka potsukuluza ndi lokwanira kuyeretsa tsitsi lonse. Musaunjike tsitsi pamwamba pa mutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa nsalu, chifukwa mukubweza mfundo zonse zimene mwavutika kumasula. Lisiyeni lilendewere, kapena litsukeni lili m'zigawo zolukidwa momasuka zija. Madzi akhale ofunda, osati otentha.

Kangati? Khungu limatulutsa mafuta akeake. Pa tsitsi lowongoka, mafutawa amatsika msanga, moti ena amafunika kutsuka masiku awiri kapena atatu alionse. Pa lopotana amavutika kudutsa m'makona, n'chifukwa chake nsonga zimauma, ndipo kutsuka kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira. Koma kutha mwezi osatsuka poganiza kuti litsiro limakulitsa tsitsi n'kudzinamiza. Khungu la litsiro limayabwa, mumakanda, ndipo kukandako kumathyola tsitsi pamuzu penipeni.

Pewani sopo wosambira ndi wochapira. Tsitsi ndi khungu la m'mutu zimakhala bwino pa pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) ya pafupifupi 5, pamene sopo wa mtanda amafika 9 kapena 10. Amatukula timamba tija, tsitsi n'kumamveka lokhakhala. Mukamaliza shampu, pakani kondishona kuyambira pakati mpaka kunsonga, dikirani mphindi zimene zalembedwa pa botolo, kenako tsukuluzani. Musadumphe sitepe imeneyi ngakhale tsiku limodzi.

Chimodzi chimene ndimachikhulupirira pa nkhani ya mafuta ndi ichi: mafuta a kokonati amalowa mkati mwa tsitsi, osangokhala pamwamba. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2003 anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi mineral oil, ndipo a kokonati okha ndi amene anachepetsa kutayika kwa puloteni m'tsitsi. Pakani pang'ono kunsonga ola limodzi kapena usiku wonse musanatsuke. Tsitsi la anthu ena limauma nawo n'kukhala ngati udzu. Ngati lanu latero, asiyeni.

5. Kuumitsa

Musapukute ndi thaulo mopekesa. Finyani madzi pang'onopang'ono kuchokera kumizu kutsika, kenako kulungani ndi malaya akale ofewa a thonje kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Mukafuna kugwiritsa ntchito makina oumitsira, dikirani madzi ambiri achoke kaye, ikani pa mpweya wofunda chabe, agwireni pa mtunda wa masentimita pafupifupi 15, ndipo musawaimike pamalo amodzi. Musamange tsitsi mothina lili lonyowa, chifukwa limakhala lotamuka, ndipo pouma limadzikoka lokha n'kudukira pomwe mwamangapo. Musalukenso kapena kuvala wigi mkati muli chinyezi, m'mutu mumayamba fungo ndi kuyabwa.

6. Chinyezi kaye, mafuta pambuyo

Ambiri amati tsitsi likauma amalithira mafuta, kenako amadabwa kuti likunyezimira koma likuthyokabe. Mafuta sapatsa tsitsi louma chinyezi, ambiri amangotsekera chimene chili mkati kale. Yambani ndi madzi pang'ono kapena kondishona wosatsuka, uja amasiyidwa m'mutu, kenako pakani mafuta ochepa pamwamba kuti chinyezicho chisathawe msanga. Yambirani kunsonga, chifukwa n'kumene kuli njala. Madontho ochepa m'manja akwana. Mukagwira tsitsi zala n'kutsala noninoni, mwachulutsa.

Khungu la m'mutu silifuna kupakidwa mafuta olemera tsiku ndi tsiku. Ngati m'mutu mukufumbuka tizikhungu toyera ndi kuyabwa, musafulumire kunena kuti khungu lauma. Nthawi zambiri vutoli limayenderana ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamakhala pakhungu la aliyense ndipo kamadya mafuta. Kuwonjezera mafuta kungakulitse vutolo. Chimene chimathandiza ndi shampu wokhala ndi ketoconazole kapena selenium sulfide, womusiya pakhungu mphindi zisanu musanatsukuluze.

7. Kuluka ndi kumanga

Kuluka kumateteza nsonga, n'zoona, chifukwa zimabisika ndipo simuzipesa tsiku lililonse. Koma kuluka kothina kwathetsa tsitsi la m'mphepete la anthu ambiri. Madokotala a khungu amatcha vutoli traction alopecia, kutanthauza kuthothoka kobwera chifukwa cha kukoka. Limayambira pamphumi, pamwamba pa makutu ndi kunkhongo, pomwe tsitsi ndi losakhwima. Poyamba limameranso mukasiya kukoka. Koma mukapitiriza zaka ndi zaka, mizu imafa, pamakhala chipsera chosalala, ndipo pamenepo sipameranso.

Zizindikiro zake n'zosabisika: mutu kupweteka mukangomaliza kulukidwa, kulephera kugona kapena kukweza nsidze, khungu kutukuka pakati pa mizere, tiziphuphu m'mphepete, kapena timitu toyera ta mizu kuonekera pamwamba pa chingwe. Ngati mwafika pomwa mankhwala opha ululu chifukwa cha tsitsi, masulani tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti mwataya nthawi ndi ndalama, koma tsitsi la pamphumi likapita, kulibweza n'kovuta kuposa pamenepo. Ndipo musachite manyazi kulankhula muli pampando. Nenani mwaulemu chingwe choyamba chisanathe: "Pepani achemwali, apa pakukoka, tamasulaniko pang'ono, ndipo tating'ono ta pamphumiti mutisiye." Woluka waluso sakhumudwa nazo.

Musapachike tsitsi loonjezera lolemera pa kachigawo kakang'ono ka tsitsi lanu. Musapitirire masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu musanamasule, ndipo muzitsukabe khungu pa nthawi imeneyi. Mukamasula, lipumitseni sabata imodzi kapena awiri musanalukenso. Amene mumamanga kumbuyo, muzisintha malo omangapo, lero m'mwamba mawa m'munsi, ndipo gwiritsani ntchito zomangira zokutidwa ndi nsalu, osati labala wamba kapena zokhala ndi kachitsulo. Ana ndiye muwasamale koposa. Mwana akamalira polukidwa, musamuuze kuti apirire.

8. Moto ndi mankhwala

Zitsulo zambiri zowongolera tsitsi zimatentha kufika madigiri 230 Celsius. Tsitsi lanu silifuna moto wotero. Yesetsani kusapitirira 180, ndipo locheperako mphamvu, lopakidwa utoto kapena loikidwa mankhwala lifunika wocheperapo. Pakani zodzola zoteteza ku kutentha, tengani kachigawo kakang'ono, dutsitsani kamodzi, osabwerezabwereza. Chachikulu: tsitsi liume kotheratu musanaliike chitsulo. Mukamva kuti tswii n'kuona nthunzi, madzi akuwira mkati mwa tsitsi, ndipo amasiyamo timabowo tangati thovu pomwe lidzathyokere. Tsitsi lopotana likapsa, silibwereranso m'mapotedwe ake ngakhale mulinyowetse. Limangolendewera, ndipo mankhwala ake ndi kudikira lina limere.

Relaxer, mankhwala owongola tsitsi aja, amagwira ntchito pothyola zomangira za mkati mwa keratin kuti tsitsi ligone. Ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, ndipo pH yake imaposa 12. Ngakhale aja olembedwa kuti no-lye, kutanthauza opanda sodium hydroxide, ndi amphamvu ndithu, musanyengeke ndi dzinalo. Ngati mwasankha kuika, mverani izi. Retouch, kutanthauza kuika mankhwala pa tsitsi longomera kumene, ichitike pakatha masabata 8 mpaka 12, ndipo mankhwalawo akhudze latsopanolo basi. Cholakwa chofala kwambiri n'kuwapaka mpaka kunsonga ulendo uliwonse. Ndiye kuti nsonga za zaka ziwiri zawotchedwa kasanu ndi katatu kapena kuposa, zingapirire bwanji? Musakande m'mutu kapena kutsuka masiku angapo musanaike. Musaike tsiku limene mwamasula zoluka, khungu limakhala ndi timabala tosaoneka. Kuwotcha si umboni woti mankhwala akugwira, ndi khungu limene likupsa, choncho tsukuluzani pomwepo. Mukatero tsukani ndi shampu wozimitsa mphamvu ya mankhwalawo, uja amati neutralizing, kawiri kapena katatu.

Pomwe tsitsi lachibadwa lakumana ndi lowongoledwa ndi pofooka kwambiri, pesanipo ndi zala. Utoto ndi relaxer zisakumane tsiku limodzi, pakhale masabata osachepera awiri. Koma bleach, mankhwala ochotsa mtundu wa tsitsi, pa tsitsi la relaxer, ine ndimati ayi ndithu. Ndaonapo tsitsi lotero likutamuka ngati chingamu lili lonyowa, n'kutsalira m'manja.

9. Usiku ndi zinthu zing'onozing'ono

Musagone tsitsi lili lomasuka. Lilukeni zingwe ziwiri kapena zinayi zosathina, ndipo mufunde mpango wa satini kapena silika, kapena muveke pilo nsalu yotero. Thonje limakhula tsitsi usiku wonse ndi kumwa chinyezi chake. Mfundo ya mpangowo isakhale malo amodzimodzi tsiku lililonse. Masana, samalani lamba wa chikwama, zipi, kolala yokhakhala ndi lamba wa m'galimoto. Ambiri tsitsi lawo limaima pa mapewa chifukwa n'pomwe nsonga zimayamba kukhulika pa zovala. Likafika pamenepa, muzilikweza m'mwamba masiku ambiri. Mukamakasambira m'madzi a chlorine kapena amchere, linyowetseni kaye ndi madzi abwino, ndipo mulitsukuluze mukangotuluka.

10. Pamene vuto silili m'manja mwanu

Bwererani ku pepala loyera lija. Ngati lochuluka lili ndi timitu toyera, ndipo likugwa kuposa kale, chodzaza dzanja posamba, ganizirani zimene zinachitika m'thupi mwanu miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kubereka, kudwala kotentha thupi kwambiri, opaleshoni, kuonda mofulumira kapena nkhawa yaikulu zimachititsa tsitsi lambiri kulowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi, ndipo limadzagwa pambuyo pake. Amayi ambiri amaziona mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi. Kawirikawiri zimasiya zokha, ndipo tsitsi limabwerera pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi chaka. Pa nthawi imeneyi pewani zoluka zolemera ndi mankhwala.

Pitani kuchipatala ngati kuthothokako kwapitirira miyezi isanu ndi umodzi, kapena kukubwera limodzi ndi kutopa, chizungulire, kapena kusintha kwa thupi kosadziwika bwino. Kuchepa kwa iron m'thupi ndi matenda a chithokomiro zimathothola tsitsi, ndipo zimapezeka poyeza magazi. Pitaninso mukaona kadazi kozungulira kosalala kongotulukira mwadzidzidzi, kapena malo ofundukafunduka okhala ndi tsitsi lodukaduka, makamaka mwa ana. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, zodzola zokha sizichithetsa. Ndipo ngati paliwombo payamba kupyapyala, pakuyabwa, kupweteka kapena kutentha, musadikire kuti muone ngati mafuta atsopano athandize. Pali matenda ena amene amasiya chipsera pamenepo, ndipo mizu imene ingapulumuke ndi imene dokotala waipeza idakali moyo.

Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin amene amatsatsidwa kuti amakulitsa tsitsi amathandiza munthu amene thupi lake likusowadi biotin, ndipo otero ndi ochepa kwambiri. Komanso amatha kusokoneza zotsatira za magazi, kuphatikizapo zoyeza chithokomiro ndi mtima. Ngati mukumwa, auzeni adokotala asanakutengeni magazi. Muwauzenso mwezi umene kuthothokako kunayamba, mankhwala ena alionse amene mukumwa, tsiku limene munaika relaxer komaliza, ndipo mutenge zithunzi zakale zoonetsa mmene pamphumi ndi paliwombo panalili.